Kubwereketsa minda ku makampani opanga magetsi m'boma la Mwanza

Kubwereketsa minda ku makampani opanga magetsi ndi mgwirizano umene mlimi, banja kapena mudzi umalola kampani kugwiritsa ntchito malo ake kwa zaka zambiri kuti iyikepo zipangizo zopangira magetsi kuchokera ku dzuwa, mphepo kapena madzi. Mphamvu zitatuzi zimatchedwa mphamvu zosatha chifukwa sizitha ngati mmene amathera malasha kapena dizilo. Kampani ikatenga malowo imayenera kulipira, ndipo malipiro ake amakhala a mitundu iwiri: lendi yoperekedwa chaka ndi chaka, kapena chipukuta misozi choperekedwa kamodzi kokha. M'mayiko monga Germany, America ndi South Africa alimi ambiri amalandira lendi. Ku Malawi, kumene minda yambiri ili pa malo a makolo, chofala kwambiri ndi chipukuta misozi, ngakhale kuti pokambirana m'midzi anthu amangoti "kampani yabwereka malo".

Minda ikuluikulu yoyambirira ya sola m'Malawi inamangidwa ku Salima, Dedza ndi Nkhotakota. Boma la Mwanza nkhaniyi lakumana nayo kudzera mu nthambo za magetsi zochokera ku Mozambique, njanji ya ku Nacala, komanso ntchito za magetsi za pa mtsinje wa Shire zomwe zili pafupi nalo.

Boma la Mwanza

Mwanza ndi boma la m'chigawo cha kummwera, ndipo linachita malire ndi chigawo cha Tete cha dziko la Mozambique chakumadzulo. Limayandikananso ndi maboma a Neno ndi Chikwawa. Kale Neno inali mbali ya Mwanza, mpaka pomwe inapatsidwa boma lakelake mu 2003. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'boma la Mwanza muli anthu oposa 130,000. Mafumu akuluakulu odziwika ndi Kanduku, Nthache ndi Govati. Msewu wa M6 umachokera ku Zalewa n'kukafika pa chipata cha Mwanza, chomwe chimayang'anizana ndi Zobue, ndipo katundu wambiri wochokera ku Beira, Zimbabwe ndi South Africa amalowera pamenepa.

Anthu ambiri ndi alimi ang'onoang'ono. Amalima chimanga, nandolo, mbatata ndi ndiwo zamasamba, koma chomwe chinatchukitsa Mwanza ndi manachesi. Nyengo yake ikafika amagulitsidwa m'mbali mwa msewu ndipo ena amapita ku misika ya ku Blantyre ndi Lilongwe. Dera lambiri ndi la mapiri ndi zitunda, kotero malo athyathyathya ndi ochepa. Mfundo imeneyi ndi yofunika, chifukwa malo athyathyathya omwe kampani ya sola imafuna ndi omwewonso mlimi amawadalira. M'bomali mulinso nkhalango yotetezedwa ya Thambani, ndipo malonda a makala, omwe amaoneka kwambiri mumsewu wa Zalewa, athetsa mitengo yambiri kuno ndi ku Neno.

Chifukwa chake malo akufunika

Kwa zaka zoposa 50 magetsi a Malawi akhala akudalira mtsinje umodzi. Siteshoni ya Nkula A inayamba kugwira ntchito mu 1966, kenaka panabwera Tedzani, Nkula B ndi Kapichira, zonse pa Shire. Madzi a m'nyanja ya Malawi akatsika, kapena zinyalala ndi matope zikatseka makina, magetsi amachepa dziko lonse. Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira ku Chikwawa ndipo mamegawati pafupifupi 130 anasowa kwa nthawi yoposa chaka. Pomwe zinthu zinali chonchi, kalembera wa 2018 anali ataonetsa kale kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 aliwonse ndi omwe amaunikira magetsi a ESCOM, ndipo kumidzi chiwerengerochi chinali chotsika kwambiri.

Mu 2016 boma linasintha lamulo la magetsi. ESCOM inagawidwa pawiri: kampani yatsopano ya EGENCO inatenga ntchito yopanga magetsi kuyambira mu 2017, ndipo ESCOM inatsala ndi ntchito yonyamula ndi kugulitsa. Kusinthaku kunatsegulanso khomo kuti makampani omwe si a boma azipanga magetsi n'kumagulitsa kwa ESCOM, atalandira chiphaso kuchokera ku bungwe la MERA. Munda wa sola wa ku Salima wa mamegawati 60, womangidwa ndi JCM Power mogwirizana ndi InfraCo Africa, unatsegulidwa mu 2021. Wa ku Golomoti m'boma la Dedza, wa mamegawati 20 komanso wokhala ndi mabatire osungira magetsi, unatsatira mu 2022. Ku Nkhotakota kuli wina wa mamegawati 21.

Sola amadya malo. Megawati imodzi imafuna mahekitala awiri kapena atatu tikaphatikiza misewu ya mkati, mpanda ndi nyumba za makina. Munda wa ku Salima unatenga mahekitala oposa 160. Popeza mabanja ambiri akumudzi ku Malawi amalima malo osafika hekitala imodzi, ntchito yotere imakhudza minda ya mabanja ochuluka nthawi imodzi. Kampani siyingasankhe malo paliponse ayi. Imafuna pamalo posatsetsereka, posasefukira madzi, pofikika ndi galimoto zikuluzikulu, ndiponso pafupi ndi nthambo kapena siteshoni ya ESCOM, popeza kukoka nthambo mtunda wautali kumadya ndalama zambiri. N'chifukwa chake dera lililonse lomwe mwadutsa nthambo zazikulu limayamba kukopa makampani otere.

Malo ndi a yani

Malamulo oyendetsera dziko a 1994 amanena kuti malo onse ali m'manja mwa dziko la Malawi. Gawo 28 limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala ndi katundu ndipo limaletsa kumulanda popanda chifukwa. Gawo 44 limati boma lingatenge katundu wa munthu pokhapokha ngati ndi pa ntchito yothandiza anthu onse, munthuyo atadziwitsidwa mokwanira ndi kulipidwa moyenera, komanso akhale ndi mwayi wokadandaula ku khoti.

Pofotokoza mosavuta, malo alipo a mitundu itatu. Pali malo a boma, monga nkhalango zotetezedwa, misewu ndi masukulu. Pali malo a munthu kapena kampani okhala ndi zikalata, omwe ena ndi a lizi. Ndiye pali malo a makolo, omwe amayang'aniridwa ndi mafumu ndipo mabanja amasiyirana mibadwo ndi mibadwo. Minda yambiri ya ku Mwanza ili m'gulu lachitatuli. Malire ake ndi mitengo, miyala, timitsinje ndi zomwe akuluakulu a m'mudzi amakumbukira.

Lamulo lakale la malo linali la 1965. Mu 2002 boma linatulutsa ndondomeko yatsopano ya malo, ndipo mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo angapo, kuphatikizapo Land Act ndi Customary Land Act, omwe anakonzedwanso mu 2022. Lamulo la Customary Land Act limalola munthu kapena banja kulembetsa munda wa makolo n'kulandira chikalata cha umwini. Linakhazikitsanso makomiti oyang'anira malo pansi pa gulupu aliyense. Wapampando amakhala gulupuyo, ndipo mamembala ena asanu ndi mmodzi amasankhidwa ndi anthu, osachepera atatu mwa iwo akhale amayi. Milandu ya malo imayambira ku bwalo lomwe wapampando wake ndi mfumu yaikulu, n'kumakwera mpaka pa boma ndi kupitirira. Tanthauzo lake n'lakuti mfumu payokha ilibe mphamvu zopereka munda wa munthu kwa kampani, ngakhale kuti m'madera ambiri anthu akadali ndi chizolowezi choti mfumu ikavomera nkhani yatha.

Kwa anthu ndi makampani akunja malamulo ndi okhwimirako. Lizi yawo kawirikawiri siyipitirira zaka 50, ndipo ofuna malo oti achitirepo bizinesi yaikulu amadzera ku Unduna wa za Malo ndi bungwe la Malawi Investment and Trade Centre. Ntchito yaikulu isanayambe pamafunikanso kafukufuku woona mmene ikhudzire chilengedwe ndi miyoyo ya anthu, malinga ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, ndipo bungwe la MEPA ndi lomwe limavomereza. Misonkhano yofunsa maganizo a anthu yomwe imachitika m'midzi ntchito isanayambe imachokera pamenepa.

Lendi ndi chipukuta misozi

Kubwereketsa munda si chinthu chachilendo kumudzi. Munthu yemwe alibe feteleza kapena mphamvu zolimira amabwereketsa ekala yake kwa mnzake kwa dzinja limodzi, n'kulandira ndalama kapena matumba angapo a chimanga. Akakolola wobwerekayo, munda umabwerera. Palibe pepala, umboni ndi anthu a m'mudzi. Choncho mlimi akamva kuti kampani ikufuna "kubwereka" malo, chithunzi chomwe chimabwera m'mutu mwake ndi chomwechi.

Zomwe zimachitika pa ntchito zikuluzikulu ndi zina. Mabanki omwe amakongoza ndalama zomangira safuna kumva za mgwirizano wapakamwa ndi mabanja 200. Amafuna chikalata chimodzi cholembetsedwa ku boma, chokhala zaka zofanana kapena zoposa za mgwirizano wogulitsira magetsi kwa ESCOM, womwe ku Salima ndi wa zaka 20. Tsono njira yomwe imatsatidwa kawirikawiri ndi iyi: akuluakulu a za malo ndi a khonsolo amayeza minda, amawerengera mbewu, mitengo ndi nyumba, eni ake amalandira chipukuta misozi, malowo amachoka m'gulu la malo a makolo, kenaka boma limapereka lizi kwa kampani. Lendi ya chaka ndi chaka imapita ku boma. Mlimi amalandira kamodzi, n'kuchoka.

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Wolandira lendi amakhalabe mwini malo, ndipo ana ake adzawapeza. Wolandira chipukuta misozi wasiyana nawo malowo. Mbiri ya dziko lino ili ndi chitsanzo chake. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 malo ambiri a makolo, makamaka m'chigawo chapakati, anasandutsidwa maesiteti a fodya a lizi. Pansi pa lamulo la 1965, lizi ikatha malowo ankasanduka a boma, osati kubwerera kwa mudzi womwe unawapereka. Ndondomeko ya malo ya 2002 inaona vutoli ndipo inafuna kuti malo otere azibwerera kwa anthu a deralo. Funso loti "zaka zikadzatha malowa adzakhala a yani?" ndi lofunika kulifunsa pa msonkhano woyamba penipeni, ndipo yankho lake lilembedwe.

Vuto lina ndi kugwa kwa ndalama. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023. Pa kutsika kwachiwiriku dola imodzi ya ku America inachoka pa K1,180 n'kufika pa K1,700 ku banki. Mwachitsanzo, munthu yemwe anawerengeredwa K1,000,000 kusanachitike izi anali ndi ndalama zokwana madola pafupifupi 850, koma ngati analipidwa pambuyo pake, ndalama zomwezo zinali madola osafika 600. Feteleza, malata ndi simenti zinakwera motsatira. Nthawi yomwe imadutsa pakati pa kuyeza munda ndi kulandira ndalama nthawi zina imakhala chaka kapena kuposerapo, ndipo yemwe amaluza ndi mlimi. Lendi nayonso ikhoza kudyedwa chimodzimodzi ngati mgwirizano sunanene kuti izikwera. Lendi yooneka yambiri lero, ikakhala yomweyo kwa zaka 20, kumapeto kwake singagule ngakhale thumba la chimanga.

Mabungwe obwereketsa ndalama monga World Bank ndi IFC ali ndi mfundo zawo zomwe kampani iyenera kutsatira, ndipo m'malo ambiri zimateteza mlimi kuposa chizolowezi chakale. Zimati munthu alipidwe ndalama zokwanira kupezera chinthu chofanana ndi chomwe wataya, osachotsera kuti nyumba inali yakale. Zimati amene moyo wake umadalira ulimi ndi bwino apatsidwe malo ena m'malo mwa ndalama. Zimafunanso kuti anthu athandizidwe kubwezeretsa njira zawo zopezera chakudya, ndi kuti pakhale komwe angakadandaule. Pamaikidwanso tsiku lomaliza la kalembera, ndipo chilichonse chomangidwa kapena kubzalidwa litadutsa tsikulo sichilipidwa. Cholinga chake n'kuletsa anthu othamangira kukamanga zisakasa akamva kuti kukubwera ndalama, koma ntchito ikachedwa, eni minda enieni amakhala zaka akuopa kubzala mtengo kapena kukonza denga.

Nthambo ndi njanji zodutsa ku Mwanza

Ntchito yolumikiza magetsi a Mozambique ndi Malawi ndi yomwe yakhudza minda ya ku Mwanza mwachindunji. Nthambo zake, za mphamvu ya 400 kV, zimachokera pa siteshoni ya Matambo m'chigawo cha Tete n'kukathera pa siteshoni ya Phombeya m'boma la Balaka. Mtunda wonse ndi makilomita 218, ndipo pafupifupi 76 mwa amenewa ali mbali ya Malawi, kudutsa ku Mwanza ndi Neno. Ndalama zake zinachokera ku World Bank, banki ya KfW ya ku Germany ndi mabungwe ena. Tete ndiye kwawo kwa damu la Cahora Bassa pa mtsinje wa Zambezi, lomwe limapanga mamegawati oposa 2,000.

Pa nthambo zotere mlimi sataya munda wonse. Malo omwe amatengedweratu ndi pomwe paima nsanja zachitsulo. Kunsi kwa nthambo kumasiyidwa mpata wotambalala mamita makumi angapo, ndipo mumpatamu simuloledwa nyumba kapena mitengo italiitali monga bulugama ndi mango. Chimanga, nandolo ndi mbatata zimatha kulimidwa. Munda umakhala wa mwini wake, koma ufulu wake pa mundawo wachepa mpaka kalekale, ndipo malipiro ake ndi a kamodzi.

Anthu a ku Mwanza anali atalawapo kale zoterezi pomwe kampani ya Vale ya ku Brazil inkamanga njanji yonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita ku doko la Nacala, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010. Njanjiyi imadutsa ku Chikwawa, Mwanza ndi Neno n'kukakumana ndi njanji yakale pa Nkaya ku Balaka. Malasha si mphamvu yosatha, koma njira yotengera malo inali yofanana: kuyeza, kuwerengera, kulipira. Njanji imadula mudzi pakati, ndipo munda, dimba kapena chitsime zimatha kutsala tsidya lina. Mpanda wa munda wa sola umachitanso chimodzimodzi ndi njira zachidule zopita ku chigayo, kusukulu ndi kodyetsa ziweto, zinthu zomwe sizioneka pa pepala la woyeza malo.

Mpatamanga

Kummawa kwa Mwanza, pa mtsinje wa Shire pakati pa Tedzani ndi Kapichira, pali chigwa cha miyala cha Mpatamanga, pomwe pankadutsa msewu wakale wochokera ku Blantyre kupita ku Mwanza. Pamenepa pakonzedwa ntchito yomanga siteshoni ya mamegawati 358, yomwe idzakhale yaikulu kuposa ina iliyonse m'Malawi. Idzakhala ndi madamu awiri: lalikulu losungira madzi oti azipangira magetsi ambiri nthawi yomwe akufunika kwambiri, ndi laling'ono kumunsi loti lizibwezeretsa kayendedwe ka madzi. Mu 2022 boma linasainirana mgwirizano ndi makampani a EDF ya ku France ndi Scatec ya ku Norway pamodzi ndi IFC, ndipo pambuyo pake gawo la Scatec linagulidwa ndi TotalEnergies. Mu May 2025 World Bank inavomereza thandizo la madola 350 miliyoni.

Midzi yokhudzidwa kwambiri ili m'maboma a Blantyre ndi Neno. Pa damu nkhani ya lendi ilibe malo, chifukwa munda womira m'madzi sungabwezedwe. Otaya malo m'mbali mwa mtsinje amataya madimba, msipu ndi pomwetsera ng'ombe, ndipo dimba la m'mbali mwa Shire silingafanane ndi munda wa kumtunda ngakhale maekala ake atafanana.

Mtengo wa nachesi ndi dzina la pa kalembera

Ku Mwanza kuwerengera mitengo ya zipatso ndi nkhani yaikulu kuposa m'maboma ambiri. Chimanga ukataya chaka chino, chaka chamawa ubzala kwina n'kukolola. Mtengo wa nachesi umatenga zaka zingapo usanayambe kubereka, ndipo ukayamba umapatsa banja ndalama chaka chilichonse kwa nthawi yaitali. Kulipira mtengo wa mbande yokha, kapena zipatso za chaka chimodzi, n'kumubera mlimi. Kuwerengera koyenera kumaphatikiza zokolola za zaka zonse zomwe adzadikire kuti mtengo watsopano ufike pomwe panali wakalewo. Zinthu zina n'zovuta kuziikira mtengo: manda, mitengo ya mankhwala, udzu wofolerera, nkhuni, ndi tchire lomwe mudzi wonse umadyetsako mbuzi popanda wina kunena kuti ndi lake.

Nkhani ina ndi ya dzina lomwe lalembedwa. M'madera ambiri a kummwera ndi pakati anthu amatsata chikamwini. Mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi, ndipo munda ndi wa mkaziyo ndi mbumba yake, moyang'aniridwa ndi malume. Koma olemba kalembera akafika amafunsa "mutu wa banja", ndipo amene amaimirira ndi mkamwini. Ndalama zikalowa mu akaunti yake, mayi yemwe ndi mwini munda amatha osaziona, ndipo banja likatha bamboyo amapita nazo. Ntchito zina tsopano zimafuna kuti mwamuna ndi mkazi asainire limodzi ndi kutsegula akaunti ya onse awiri. Palinso anthu omwe amalima munda wobwereka. Iwowa si eni malo, koma mbewu ndi zawo, ndipo akapanda kulembedwa padera amachoka chimanjamanja.

Za ntchito anthu amayembekezera zambiri kuposa zomwe zimakhalapo. Pomanga pamalembedwa anthu mazanamazana okumba, kunyamula ndi kumanga mpanda, kwa chaka chimodzi kapena ziwiri. Ntchito ikatha pamatsala ochepa: alonda, otsuka mapanelo, otchetcha udzu ndi amisiri angapo. Magetsi nawonso salowa m'nyumba zoyandikana nawo mwachindunji. Amakwera nthambo zazikulu kupita kwa ESCOM, ndipo mudzi umafunika thiransifoma ndi mapolo akeake, zomwe kumidzi zimabwera kudzera mu ndondomeko ya boma ya MAREP.

Mmene zilili kumayiko ena

Ku Kenya kuli zitsanzo za mbali zonse ziwiri. Ku Kipeto m'dera la Kajiado kuli makina 60 opanga magetsi ndi mphepo, a mamegawati 100, omwe anayamba kugwira ntchito mu 2021. Eni malo a mtundu wa Maasai anali ndi zikalata za malo awo, motero anabwereketsa mwachindunji. Amalandira lendi chaka ndi chaka, amapitiriza kudyetsa ng'ombe pakati pa makinawo, ndipo anthu a deralo ali ndi magawo 5 pa 100 mu kampaniyo. Kumpoto kwa dziko lomwelo, pa ntchito ya Lake Turkana Wind Power ya mamegawati 310, anthu oweta ziweto anakasuma, ndipo mu 2021 khoti linagamula kuti zikalata za maekala pafupifupi 150,000 zinaperekedwa mosatsata lamulo. Ntchito ina ya mphepo ku Kinangop inalephereka mu 2016 kaamba ka mikangano ndi eni malo, ndalama zambiri zitalowa kale.

Mphepo ndi yosiyana ndi sola pa nkhani ya malo. Makina a mphepo amaima motalikirana ndipo malo ambiri amatsala olimika, pomwe munda wa sola umatchingidwa wonse ndi mpanda. Ku South Africa ndondomeko ya boma yogulira magetsi kwa makampani, yomwe inayamba mu 2011, imalamula kuti anthu oyandikana ndi ntchito akhale ndi gawo mu kampani. Ku Mozambique malo onse ndi a boma ndipo anthu amakhala ndi ufulu wongowagwiritsa ntchito wotchedwa DUAT, kotero minda ya sola ya ku Mocuba ndi ku Cuamba inadzeranso njira ya chipukuta misozi.

Chomwe chinathandiza anthu a ku Kipeto ndi chikalata. Ku Malawi kulembetsa malo a makolo kunayamba moyeserera m'maboma ochepa monga Phalombe, Kasungu ndi Rumphi, komanso ku Chikwawa pansi pa ntchito ya ulimi wothirira ya Shire Valley Transformation Programme. Ku Chikwawa komweko kuli chitsanzo cha alimi a kopaletivi ya Phata, omwe anaphatikiza timinda tawo kukhala munda umodzi wa nzimbe, n'kumagulitsa ku fakitale ya Nchalo ndi kugawana phindu malinga ndi kukula kwa malo omwe aliyense anasonkha. Si ntchito ya magetsi, koma ikuonetsa kuti mabanja ambiri angathe kuima ngati mwini malo mmodzi pamaso pa kampani kapena banki popanda kugulitsa minda yawo.

Zomwe zimalembedwa mu mgwirizano wa lendi

Komwe mlimi kapena gulu la alimi likubwereketsa lokha, mgwirizano umakhala ndi magawo awiri. Poyamba kampani imalipira kandalama kochepa kuti malo asungidwe pomwe ikuyeza dzuwa kapena mphepo, kufunafuna ziphaso ndi ndalama. Nthawi imeneyi imatha kufika zaka zitatu kapena zisanu, ndipo ntchito zambiri zimafera pomwepa. Mlimi ayenera kuloledwa kulima mpaka tsiku lomwe makina adzafike. Gawo lachiwiri ndi lizi yeniyeni. Mmenemo mumalembedwa malire, zaka, ndalama ndi mmene zizikwerera, yemwe adzalandire mwini malo akamwalira, ndi zomwe zidzachitike kampani ikagulitsidwa kwa ina. Mfundo yomalizayi si yongoganizira, pakuti makampani a magetsi amasinthana umwini kawirikawiri, monga zinachitikira ndi gawo la Scatec ku Mpatamanga ntchito isanayambe n'komwe.

Mapanelo a sola amagwira bwino ntchito kwa zaka 25 mpaka 30. Zikatha zakazi pamatsala zitsulo zokhomedwa pansi, nthambo zokwiriridwa, simenti ndi misewu ya miyala. Mgwirizano wabwino umanena kuti kampani idzachotsa zonsezi ndi ndalama zake, ndipo kumayiko ena imakakamizidwa kusungiratu ndalamazo ku banki. Mgwirizano umalembedwa m'Chingerezi cha maloya, choncho kuumasulira m'Chichewa pamaso pa mbumba yonse, ndi kupeza wodziwa malamulo yemwe salipidwa ndi kampaniyo, ndi mbali ya ntchito yomwe siyenera kudumphidwa.

Kulima pansi pa mapanelo

Pali njira yopangira magetsi ndi kulima pamalo amodzi. Mapanelo amakwezedwa m'mwamba mamita awiri kapena atatu ndi kuikidwa motalikirana kuti kuwala kuzifika pansi. Ganizoli analifotokoza asayansi awiri a ku Germany, Adolf Goetzberger ndi Armin Zastrow, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo ku Japan boma linayamba kuloleza njirayi pa minda mu 2013. Ku Kajiado ku Kenya yayesedwapo pa ndiwo zamasamba. Mthunzi umachepetsa kuuma kwa nthaka, ndipo madzi a mvula otsetsereka pa mapanelo amatha kukololedwa. Kabichi, letesi ndi mbewu zina zamasamba zimachita bwino, koma chimanga chimafuna dzuwa lambiri. Kumayiko ambiri amalowetsa nkhosa kuti zizidya udzu wa mumpanda. Mbuzi saziloleza chifukwa zimakwera pa mapanelo ndi kutafuna nthambo, zomwe ku Mwanza, kumene mbuzi ndi zambiri kuposa nkhosa, zingachepetse phindu la njirayi. Zitsulo zokwezera mapanelo zimakwezanso mtengo womangira.

Ntchito zing'onozing'ono za magetsi a m'mudzi sizifuna malo ambiri. Ku Sitolo m'boma la Mchinji kuli siteshoni ya sola ya makilowati 80, ndipo ku Mthembanji ku Dedza kuli ina ya makilowati 12. Ku Bondo m'boma la Mulanje magetsi otere amachokera ku madzi a mtsinje wa Lichenya. Siteshoni ya sola ya kukula kotere imakwana pa malo osafika ekala imodzi, ndipo magetsi ake amagulitsidwa kwa nyumba, zigayo, mashopu ndi masukulu a m'mudzi momwemo.